MPHATSO KAPENA NGONGOLE? Nkhalango ya Chikangawa, Makampani ndi Ana Athu

Aliyense amene anayendapo pa mseu waukulu wochokera ku Mzimba kupita ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 adzakumbukira mdima wa nkhalango ya Chikangawa. Mitengo ya paini inkaima mondondozana mbali zonse ziŵiri za mseu, ndipo basi inkayenda mtunda wautali m'kati mwa nkhungu ndi mthunzi, apaulendo atafunda zitenje chifukwa cha chisanu. Lero pa mapiri ambiri a Viphya maso amafika kutali popanda choŵatchinga. Pamene panali mitengo pali zitsa, udzu ndi milu ya utuchi, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaoneka kuchokera kutali.

Pa nthaŵi yomweyi timamva pa wailesi, ndipo timaona m'manyuzipepala, kuti kampani yakutiyakuti yapereka madesiki ku sukulu, ina yakumba mjigo, ina yagula mayunifolomu a timu ya mpira. Mafumu amathokoza, amayi amalulutira, ana amaimba. Kuthokoza ndi mwambo wabwino, ndipo tisausiye. Koma makolo ndi achinyamata a m'boma lino la Mzimba ayenera kuphunzira kusiyanitsa zinthu ziŵiri zimene kaŵirikaŵiri zimasokonezedwa: chimene kampani yapereka mwa chifundo chake, ndi chimene iyenera kubweza chifukwa cha zimene yatenga m'dziko. Choyamba ndi mphatso, chachiŵiri ndi ngongole.

Mmene nkhalango inabadwira

Nkhalango ya Viphya sinamere yokha. Inabzalidwa ndi manja a anthu, ambiri mwa iwo agogo athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay. Ntchitoyi inayamba pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1950, ndipo inakula kwambiri kuyambira mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira. Pomaliza pake mitengo inakuta malo okwana mahekitala pafupifupi 53,000, kotero kuti nkhalangoyi inkaŵerengedwa pakati pa nkhalango zobzalidwa zazikulu koposa mu Africa muno.

Cholinga cha boma chinali chakuti mitengoyi idzadyetse fakitale yopanga mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Ndalama zofunika zinali zambiri, chuma cha dziko chinavuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndiponso panali mantha akuti zonyansa za m'fakitale zidzaononga madzi ndi nsomba za m'nyanja ya Malaŵi. Motero mitengo inapitirira kukula, mwini ntchito yake palibe. Pambuyo pake boma linatsegula ku Chikangawa fakitale ya matabwa ndi plywood yotchedwa Viply, ndipo mu 1999, pa nthaŵi yogulitsa makampani a boma, fakitaleyo inapita m'manja mwa kampani ya Raiply, imene inapatsidwanso mahekitala 20,000 a nkhalango kuti izidula ndi kubzala.

Mbali yotsala inagwa m'manja mwa ocheka matabwa ambirimbiri. M'zaka za m'ma 2000, pamene ntchito yomanga nyumba inakula m'mizinda yathu ndi m'maiko oyandikana nafe, makina ocheka anamveka pa phiri lililonse, ndipo magalimoto akuluakulu ananyamula matabwa usana ndi usiku kupita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kudutsa malire a Tanzania. Ndalama zinayenda, misasa inamangidwa, anthu analemera. Koma kudula kunathamanga kuposa kubzala, ndipo moto unamaliza mbande zambiri zimene zinabzalidwa. Zinthu zitafika poipa, boma linayamba mu 2015 kutumiza asilikali kukalondera nkhalango zina, kuyambira ku Dzalanyama, ndipo pambuyo pake anafikanso ku Viphya.

Masamu a mtengo

Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuŵerengera chimene chinachitika. Mtengo wa paini umatenga zaka pafupifupi 25 kuti ukhwime ndi kupereka thabwa labwino. Tsono ngati munthu ali ndi munda wa mitengo, ndipo afuna kuti iye ndi ana ake azikolola chaka ndi chaka osalekeza, ayenera kuugaŵa mundawo m'zigawo 25, n'kumadula chigawo chimodzi chokha pa chaka, ndi kubzala chigawo chomwecho mvula yotsatira. Akafika ku chigawo chomaliza, choyamba chija chimakhala chitakhwimanso. Koma akadula zigawo zisanu pa chaka n'kubzala chimodzi, adzadya bwino zaka zisanu, kenaka adzakhala zaka 20 akuyang'ana zitsa.

Kubzala kokha sikukwana. Mbande ifunika kupaliridwa, nthambi za m'munsi zifunika kusadzidwa, mitengo yothinana ifunika kupatuliridwa, ndipo chilimwe chisanafike pafunika kulambula njira zotchinga moto. Mbande zimene zabzalidwa pamaso pa alendo ndi ojambula zithunzi mu Januwale, n'kupsa mu Okutobala, sizinabweze kanthu ku nkhalango. Chifukwa chake pamene kampani kapena bungwe lilengeza kuti labzala mitengo yochuluka chotere, funso loyenera ndi lakuti: mwa mitengo imene munabzala zaka zitatu zapitazo, ndi ingati imene ili moyo lero?

Nkhaniyi si ya matabwa okha. Mapiri a Viphya ndiwo mutu wa mitsinje yambiri, monga Kasitu ndi Luweya, ndipo nkhalango za m'boma lino, kuphatikizapo ya Perekezi pafupi ndi Mzimba boma, zimasunga madzi amene amatsikira ku South Rukuru, mtsinje umene ife a ku Euthini timaudziŵa bwino. Pamene phiri lili ndi mitengo, mvula imaloŵa pansi pang'onopang'ono, ndipo zitsime ndi madambo zimakhala ndi madzi mpaka chilimwe. Phiri likavulidwa, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula nthaka, n'kukadzaza mchenga m'mitsinje. Amene amalipira ndi mayi amene amadzuka mbandakucha kukadikira madzi, ndi mtsikana amene amachedwa ku sukulu chifukwa nkhuni zapita kutali. Iwoŵa sanalandire kanthu pa mtengo wa thabwa.

Phunziro la Zakeyu

Nkhani ya Zakeyu, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko, timaiphunzitsa ana ku Sande Sukulu chifukwa cha kufupika kwake ndi mtengo umene anakwera. Koma akuluakulu aonenso chinthu china. Munthu uja atatembenuka mtima analonjeza zinthu ziŵiri zosiyana: kugaŵira osauka theka la chuma chake, ndiponso kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda kanthu monyenga. Sanaganize kuti kupatsa osauka kudzafafaniza mangaŵa a anthu amene anaŵadyera. Anadziŵa kuti chifundo chili ndi malo ake, ndipo kubweza kuli ndi malo akenso.

Muyeso womwewu ndi woyenera makampani. Kampani ya Raiply yalemba ntchito anthu ambiri a kuno, imabzala mitengo chaka ndi chaka m'dera lake, ndipo yakhala ikuthandiza mpikisano wa dziko lonse wa volleyball. Mwa zinthu zitatuzi, mpikisano ndiwo mphatso: ikafuna ipitiriza, ikafuna ileka, ndipo palibe angaiimbe mlandu. Koma kubzala pamene yadula, kuteteza nkhalango ku moto, kusamala moyo wa wantchito amene waima pafupi ndi macheka, ndi kukhoma msonkho wokwanira, zimenezi ndi ngongole. Chimodzimodzinso kwa wocheka matabwa wamng'ono amene ali ndi makina amodzi: akapereka thumba la simenti ku tchalitchi tidzathokoza, koma simentiyo siloŵa m'malo mwa mbande zimene sanabzale.

Vuto la mphatso ndi lakuti imatseka pakamwa. Makolo athu ankadziŵa kuti munthu amene wadya kwa mnzake amavutika kumudzudzula. Mudzi umene walandira mjigo umachita manyazi kufunsa chifukwa chake mtsinje waphwa, ndipo komiti ya sukulu imene yalandira malata imaopa kutchula za fumbi kapena utsi. Kampani yoona mtima siifuna kuti mphatso yake igwire ntchito yotere, ndipo iyenera kukondwa pamene anthu alandira ndi manja aŵiri koma n'kufunsabe mafunso awo.

Fodya ndi mitengo ya kwathu

Ife a kumadzulo kwa boma lino sitikhala pafupi ndi paini, koma tili ndi fodya. Mlimi aliyense wa fodya wa bale amadziŵa kuchuluka kwa mphanda ndi mitanda imene chigafa chimodzi chimadya, ndipo chiswe chikagwira, pakapita zaka zochepa afunikanso kuloŵa m'tchire ndi nkhwangwa. Fodya wochiza ndi moto amatha nkhuni zochuluka koposa. Mitengo ya chilengedwe imene inatenga zaka zambiri kukula yathera m'zigafa, pamene fodyayo anapita ku okushoni ku Mzuzu ndi kuoloka nyanja.

Kuyambira mu 2012 fodya wambiri wa m'dziko muno wakhala akulimidwa pa mgwirizano pakati pa mlimi ndi kampani yogula. Makampani aŵa amapereka mbeu ndi feteleza pa ngongole, ndipo ena amaperekanso mbande za mitengo ndi kulimbikitsa zigafa zamoyo, ndiye kuti kubzala mitengo m'mizere pamalo pamene padzakhale chigafa, kuti mitengo yamoyoyo ikhale mphanda zosafuna kusinthidwa. Nzeru imeneyi ndi yabwino, ndipo mlimi amene walandira mbande n'kuzisiya ziume m'machubu kuseri kwa nkhokwe walakwira ana ake. Koma tisaiŵale kuti mbandezo si zachifundo. Mtengo uli mbali ya zimene zimapanga fodya, monga mmene alili feteleza, ndipo amene amapindula ndi fodya ayenera kusenza nawo mtolo wobwezeretsa mitengoyo.

Kudikira kwa anthu a ku Kanyika

Kummwera kwa boma lino, m'dera la Inkosi Mabulabo, kuli malo otchedwa Kanyika, kumene kampani ya ku Australia ya Globe Metals and Mining inapeza miyala ya niobium ndi tantalum. Niobium amalimbitsa chitsulo, ndipo tantalum amagwira ntchito m'mafoni ndi m'makompyuta. Cha m'ma 2012 mabanja opitirira 200 anauzidwa kuti adzasamutsidwa kuti mgodi utsegulidwe. Anthuwo anadandaula kuti chifukwa cha uthengawo analeka kukonza nyumba zawo ndi kulima monga kale, koma zaka zinapita popanda kusamuka kapena kulandira chipukuta misozi. Nthambi ya Church and Society ya Sinodi ya Livingstonia inayenda nawo pa nkhaniyi, ndipo mu 2017 anakasuma ku Bwalo Lalikulu la milandu ku Mzuzu. Chilolezo chokumba mgodi chinaperekedwa mu 2021, ndipo pangano pakati pa kampani ndi boma linasainidwa mu 2023.

Onani kutalika kwa nthaŵi. Mwana amene anali mu Sitandade 1 pamene uthenga wosamuka unafika anali atafika ku sekondale pamene pangano linkasainidwa. Zaka zimenezo sizibwezeka. Phunziro lake ndi lakuti udindo wa kampani ndi wa boma umayamba pa tsiku limene mau oyamba alankhulidwa kwa anthu, mwala woyamba usanagulitsidwe. Lonjezo losalembedwa, lopanda tsiku ndi lopanda mboni, limasiya munthu wa kumudzi alibe pogwira.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Maiko ena anaona kuti chifundo cha makampani sichingasiyidwe m'manja mwa eni ake okha. Dziko la India, limene chuma chake chakula mofulumira, linakhazikitsa lamulo mu 2013 lakuti kampani yaikulu iliyonse izigwiritsa ntchito K2 pa K100 iliyonse ya phindu lake pothandiza anthu, monga pa maphunziro, zaumoyo ndi kusamala chilengedwe. Lamuloli linabweretsa ndalama zambiri ku ntchito zachifundo, koma linaonetsanso kuti kampani ikhoza kupereka gawo lake mokhulupirika uku ikuipitsabe mtsinje umene uli kuseri kwa fakitale yake. Lamulo la zopereka silingaloŵe m'malo mwa lamulo loletsa kuononga.

Kuno kwathu tili ndi malamulo angapo amene kholo lililonse liyenera kuŵadziŵa. Lamulo losamala chilengedwe la 2017 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi athanzi, ndipo ntchito yaikulu isanayambe payenera kuchitika kafukufuku wa mmene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, anthu a m'deralo atafunsidwa maganizo awo. Lamulo la migodi la 2019 linabweretsa chinthu chatsopano: mwini mgodi waukulu ayenera kupangana ndi anthu ozungulira pa za chitukuko, ndi kugwiritsa ntchito ndalama zosachepera 45 tambala pa K100 iliyonse ya zimene wagulitsa. Ndiye kuti pa K1,000,000 iliyonse, K4,500 ndi ya chitukuko cha m'deralo. Ndalamayi ikuoneka yochepa poyerekeza ndi ya ku India, koma taonani kusiyana kwake: ya ku India imaŵerengedwa pa phindu, limene likhoza kusoŵa chaka china, pamene yathuyi imaŵerengedwa pa zogulitsa zonse. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020, ndipo zilango za odula mitengo ndi ootcha makala popanda chilolezo zinakwezedwa.

Tilinso ndi chitsanzo cha chifundo chokhazikika. Bungwe la Press Trust, limene linakonzedwanso ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1995 kuti chuma chake chizipindulira Amalaŵi onse, limatenga phindu la masheya ake m'makampani n'kumangira sukulu ndi zipatala. Ndipo pa nkhani ya makala, kampani ya Kawandama Hills ya ku Viphya komweko inalandira chilolezo mu 2015 chootcha makala kuchokera ku mitengo ya bulugamu yobzala yokha. Zimenezi zikusonyeza kuti malonda ndi kusamala dziko zikhoza kuyendera pamodzi ngati pali dongosolo.

Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silizimitsa moto ku Chikangawa. Nkhani ya mapepala apulasitiki opyapyala itiphunzitse: boma linaŵaletsa mu 2015, makampani opanga mapepalawo anakasuma, ndipo ngakhale Bwalo Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi boma mu 2019, milandu ina inapitirira kwa zaka zingapo majumbo akugulitsidwabe m'misika. Lamulo limakhala ndi mano pamene anthu akulidziŵa ndi kulifunsa.

Mbali yathu

Sitingaloze chala makampani okha. Pa kalembera wa 1966 Amalaŵi tinali 4 miliyoni, ndipo pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni, mwa iwo oposa 900,000 ali m'boma la Mzimba. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Moto wambiri wa m'nkhalango suchokera kumwamba: umayatsidwa ndi osaka nyama ndi mbeŵa, ofuna msipu watsopano wa ng'ombe, ndiponso anthu okwiya amene akubwezera chifukwa cha mkangano wa malipiro kapena wa malo. Wootcha mbande pofuna kulanga kampani walanga mwana wa mlongo wake amene akanadzalembedwa ntchito yocheka mitengoyo zaka 25 zikubwerazi. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, akufuna dziko la mafakitale ndi migodi. Ngati chuma chidzakuladi motero, makampani adzachuluka pakati pathu, ndipo mafunso aŵa adzakhala a tsiku ndi tsiku.

Tsono kwa inu makolo, akulu a mpingo, mafumu ndi a makomiti a chitukuko, pamene kampani ifika m'dera lanu musathamangire kupempha mpira ndi mayunifolomu. Yambani mwafunsa kuti idzatenga chiyani, kwa zaka zingati, ndipo idzasiya malowo ali otani. Funsani kuti muone chilolezo chake ndi lipoti la kafukufuku wa chilengedwe, ndipo wina aŵerenge ndi kumasulira m'chinenero chimene agogo akumva. Lonjezo lililonse lilembedwe, likhale ndi tsiku, ndipo kope lake lisungidwe kwa mfumu, ku sukulu ndi ku khonsolo. Pa msonkhano amayi apatsidwe mpata wolankhula, pakuti ndiwo amadziŵa kumene madzi ndi nkhuni zafika. Ndipo amene asankhidwa kuimira mudzi asalandire kanthu m'seri, chifukwa envulopu imodzi ikhoza kugulitsa dambo la mudzi wonse.

Kwa inu achinyamata, ambiri mwa inu maso ali ku Johannesburg, monga anachitira abambo ndi agogo anu. Palibe choipa kukafuna ntchito, koma musananyamuke bzalani mitengo pa malo a kwanu, ndipo potumiza ndalama za malata tumizaninso za mbande. Amene muli pa sukulu limbikirani masamu ndi sayansi, pakuti dziko likusoŵa alangizi a nkhalango, oyeza madzi, oŵerengera ndalama ndi maloya amene angakhale pa tebulo limodzi ndi makampani popanda mantha. Ena mwa inu mudzakhala eni makampani. Pa tsikulo mudzakumbukire kuyamba mwabweza ngongole musanaitane ojambula kuti adzaone mphatso.

Tsiku lobzala mitengo m'dziko muno linayamba pa 21 Januwale 1976, ndipo masiku ano nyengo yobzala imayambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mipingo yathu ili ndi malo, sukulu zathu zili ndi ana, ndipo magulu a Umanyano ndi a achinyamata amakumana sabata ndi sabata. Mpingo uliwonse ukhale ndi nazale yake ndi buku lolembamo mitengo imene yabzalidwa, ndipo chaka chamaŵa mwezi ngati uno bukulo liŵerengedwe pamaso pa onse kuti timve kuti yapulumuka ingati. Mpingo umene ukusunga buku lotere udzakhala ndi mphamvu yofunsa kampani iliyonse kuti nayonso itsegule lake.